Njinga imayendera tiyi ndi chigumu

Pali funso limene munthu wopalasa njinga kumudzi sangalizembe: "Ulendowu ngwakuti?" Mukayankha kuti wakuchigayo, wakuchipatala, wakumaliro kapena wokaona apongozi, wofunsayo amagwedeza mutu, nkhani yathera pomwepo. Koma tayesani kuyankha kuti kulibe kumene mukupita, mwangoti mupalaseko basi. Amakuyang'anani kuyambira kuchipewa mpaka kumatayala, kenaka n'kusuzumira pakaliyala kuti aone katundu amene mukubisa. Kwathu kuno njinga ndi khasu, ndipo palibe amene amadzuka m'mamawa kukalima m'munda mwa eni pofuna kungosangalatsa mtima.

Ine ndine mmodzi mwa anthu ozunguza anzawo mutu amenewa. Loweruka likakhala lopanda ukwati kapena zovuta, ine ndi anzanga atatu, nthawi zina anayi, timanyamuka pa boma la Dedza chisanu chikadaluma zala, n'kulowera kumidzi. Madokotala amati kupalasa n'kwabwino ku mtima, ku shuga ndi ku kuthamanga kwa magazi, ndipo sakunama. Koma chimene chimatichotsa m'bulangete mwezi wa June ku Dedza si ulaliki wa dokotala ayi. Ndi tiyi ndi chigumu cha m'tirumu.

Kwa inu amene mumadutsa kumudzi pagalimoto mazenera ali chitsekere, tirumu ndi kanyumba kaja kokhala ndi nsalu pakhomo, kolembedwa ndi penti pakhoma, kawirikawiri ndi dzina lothokoza Mulungu kapena lolasa adani. Mkati muli tebulo lalitali limodzi, mabenchi awiri, beseni ndi jagi ya madzi osamba m'manja, ndi kabati ya galasi kapena ya sefa mmene muli masikono, mandasi, zitumbuwa ndi chigumu. Kuseri kuli chiketulo chakuda bii chili pamafuwa. Kapu yake si ya ku ofesi ija yogwira ndi zala ziwiri. Ndi chikapu chofuna manja onse, ndipo kukazizira ntchito yake yoyamba ndi kutenthetsa manjawo.

Za chigumu ndi chikondamoyo ndaonapo amuna a ndevu zawo akukangana mpaka tiyi kuzizira. Ena amati chigumu n'chokhala ndi nthochi, chikondamoyo n'chopanda. Ena amati n'chinthu chimodzi, maina okha ndiwo awiri. Mlandu umenewo ndausiyira mafumu. Chimene ndikudziwa n'chakuti chabwino chimachokera ku ufa wa mgaiwa, nthochi zakupsa kwambiri zija makoko ayamba kuda, soda pang'ono, kamchere, kashuga ndi timafuta, ndipo chimaphikidwa mumpoto, moto pansi, makala pamwamba pa chivundikiro. Wophika akachulutsa soda mumadziwa pa kuluma koyamba: mtundu umafiira mopitirira ndipo kukhosi kumatsala kafungo ngati ka sopo. Akachepetsa moto wa pamwamba, pakati pamakhala phala. Koma akachipeza bwino, kunja kuli gwa, mkati muli fwa, chidutswa chimodzi chimakukwezani mitunda itatu.

Izi sindikunena mwanthabwala chabe. Thupi la munthu limasunga shuga m'minofu ndi m'chiwindi, ngati kankhokwe kakang'ono. Munthu akamapalasa mwamphamvu, kankhokweka kamatha pakangodutsa ola ndi theka kapena maola awiri. Kakatha, miyendo imalobodoka, m'maso mumachita chidima, ndipo kachitunda koti mwana wa sukulu amakwera akuimba kamaoneka ngati phiri la Dedza. Aliyense amene anatengapo matumba a kachewere panjinga akuidziwa njala imeneyi, imene imabwera mwadzidzidzi ngati wakumenyani ndi chibonga. Mankhwala ake ndi awiri: shuga wa m'tiyi, amene amalowa m'magazi msanga, ndi mgaiwa, umene umagayika pang'onopang'ono n'kukusungani mpaka masana. Amayi a m'tirumu sanawerenge zimenezi m'buku, koma mankhwala awiriwa ndi amene akhala akugulitsa kuyambira nthawi ya njinga za Humber ndi Raleigh zimene agogo athu ankabwera nazo kuchokera ku Joni ndi ku Halale.

Ndiye taonani pamene matirumu amakhala. Mudzawapeza pamwamba pa chikweza, pamphambano, pafupi ndi chigayo, pambali pa mtengo umene pansi pake pali bambo womata machubu ndi kuwongola masipoko. Palibe injiniya amene anajambula mapu ake. Miyendo ndiyo inayeza. Pamsewu wafumbi, munthu wopanda katundu amapalasa makilomita 20 kapena 25 asanamve njala ija, wonyamula makala kapena nkhuni mwina theka lake. Pamene miyendo ya anthu ambiri inkathera mphamvu, m'pamene wina anaona kuti pakufunika ketulo.

Nkhawa yanga ndi yakuti muyeso umenewu ukutha ntchito. M'zaka zapitazi njinga zamoto zadzaza misewu ya kumidzi, ndipo ine sindidana nazo. Mayi wodwala amene kale ankagwedezeka pakaliyala maola atatu lero akufika kuchipatala msanga, ndipo moyo wa munthu suyerekezedwa ndi kapu ya tiyi. Koma njinga yamoto simva njala pa kilomita ya 20. Chakudya chake ndi petulo wa m'mabotolo uja wa m'mbali mwa msewu. Mnyamata woiyendetsa amakadyera tchipisi pachiwaya kumsika waukulu, ndipo wokwera amene kale ankatha tsiku lonse paulendo wakuboma, lero pofika 10 koloko wabwerera kale kwawo. Onse awiri amadutsa pakhomo pa tirumu osatembenuka.

Pa njira ina yolowera chaku Bembeke pali mayi wina amene timakonda kuimapo. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Mayi, bwanji lero kabati ili ndi zigumu zochepa chonchi?" Anaseka n'kuloza kumsewu. "Achimwene, ndiphikire yani? Anthu masiku ano akungodutsa ngati mphepo. Cholowa muno ndi fumbi." Makasitomala amene awatsalira ndi a makala, a nkhuni, a kachewere, a kabaza wopalasa, ndi aphunzitsi awiri mwezi ukatha. Matirumu awiri amene tinkaimapo kale pa njira zathu lero wina ndi mogulitsira mayunitsi ndi kutchajira mafoni, wina anagwa denga.

Kuchepa kwa anthu ndi mbali imodzi. Mbali ina ndi kukwera kwa zinthu. Tirigu wambiri amene timadya m'dziko muno amachokera kunja, choncho kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ufa wa masikono unakwera nthawi yomweyo, ndipo sikono inayamba kuchepa thupi mpaka lero ikulowa yonse m'kamwa kamodzi. Shuga timalima tokha ku Dwangwa ndi ku Nchalo, tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, koma zikafika pa golosale ya kumudzi mtengo wake umakhala ngati zawoloka nyanja. Achikulire akukumbukira nthawi imene mbale ya shuga inkakhala patebulo kuti aliyense athire yekha. Lero mwini tirumu amathira yekha kuseri, akuwerenga masupuni. Nthochi nazo zinavuta chibwerere matenda a chisaka, amene anapululutsa minda yambiri ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Nkhata Bay, mpaka dziko lodziwika ndi nthochi kuyamba kudya za ku Tanzania ndi ku Mozambique. Onjezanipo nkhuni, zimene chaka chilichonse zikuchokera kutali kuposa chaka chatha. Ndipo mayi uja sangakweze mtengo wa kapu mmene angafunire, chifukwa womwa wake ndi bambo amene wakankha matumba atatu a makala kuchokera mbandakucha, ndipo ndalama ya tiyiyo akuichotsa pa ya ndiwo za ana.

Wina anena kuti zinthu zimasintha, tirumu ikatha kudzabwera china. N'zoona. Koma amene akunena choncho sanakhalepo pabenchi lija theka la ola. M'tirumu ndi mmene mumamva mtengo weniweni wa kachewere sabata imeneyo, osati wa pawailesi. Ndi mmene mumamva kuti mlatho wakutiwakuti unakokoloka, mudzere kumtunda. Mumamva kuti fetereza wafika kapena sanafike, kuti pa dambo lakuti anyamata akulanda njinga kukada, kuti mwana wa uje wasankhidwa kupita kusekondale. Ndi malo okhawo pamsika pamene munthu wosamwa mowa angakhale pansi ndi anzake popanda womufunsa kuti akudikira yani. Mlendo akalowa, amamusunthira pabenchi, amamupatsa moni, ndipo asanamalize kapu amakhala atauzidwa njira yachidule imene sipezeka pa Google. Wogulitsa mayunitsi sangakupatseni zimenezi, ngakhale atakhala waulemu chotani.

Tsono mwambo woima panjira kumwa tiyi ndi kudya keke si wathu tokha. Ku England ndi nkhani yakale kwambiri. Mu 1878, m'tauni ya Harrogate, opalasa njinga anayambitsa bungwe limene pambuyo pake linatchedwa Cyclists' Touring Club, ndipo lero likudziwika kuti Cycling UK. Imodzi mwa ntchito zake zoyamba inali kufufuza nyumba za alendo ndi malo odyera m'midzi amene ankalandira bwino anthu a njinga. Malo ovomerezeka ankawakhomera pakhoma chizindikiro chachitsulo cha gudumu lokhala ndi mapiko, kuti wopalasa wotopa akachiona adziwe kuti apa apeza chakudya ndi pogona pamtengo wabwino. Zina mwa zizindikirozi zikadali pamakoma mpaka pano. Ndipo kufikira lero, magulu a njinga kumeneko akamakonza ulendo wa Lamulungu, amayamba agwirizana kuti akamwera kuti tiyi, njira n'kumaisankha pambuyo. Anthu amenewa ali ndi magalimoto, ndipo akanatha kunyamula chakudya kunyumba. Koma anazindikira kuti akasiya kuima, malo oimapo adzatha.

Nafenso ku Dedza tili ndi malo amtundu umenewo. Ku Dedza Pottery, kunja pang'ono kwa tauni, kuli keke ya tchizi imene mbiri yake inafika kutali, moti apaulendo ochokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre amapatuka pa M1 chifukwa cha iyo. Ndinaidyapo, ndipo n'njabwino zedi, makamaka ndi khofi, uli pakapinga ukuyang'ana phiri. Mwezi ukatha timathera ulendo kumeneko. Koma malo otere ali ndi makasitomala awo, ndipo sadzatseka chifukwa chakuti anthu anayi a njinga sanabwere. Mtengo wa chidutswa chimodzi cha keke imeneyo ungagule tiyi ndi zigumu za gulu lathu lonse kwa mayi wa ku Bembeke uja. Iye ndi amene amamva kusiyana kwake tikaima kapena tikadutsa.

Apa m'pamene ndili ndi mawu kwa abale anga a m'tauni. Masiku ano kuli magulu a opalasa njinga ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre amene amatuluka kumapeto a sabata. Ndimakondwa kuwaona, chifukwa ndi umboni wakuti si ine ndekha wopenga. Njinga zawo ndi za magiya ambirimbiri, zipewa zonyezimira, zovala zothina zoti agogo akumudzi amayang'ana kumbali. Zonsezi zilibe mlandu. Chimene chimandiwawa ndi galimoto imene imawatsata pambuyo itanyamula bokosi la zakumwa zozizira, nthochi zogula kusitolo ya m'tauni ndi timapaketi ta zotsekemera tochokera kunja. Akafika pamsika wa kumudzi amaima pamthunzi, amatsekula bokosi lawo, amadya ana akuwayang'ana, amajambula anawo zithunzi zokaika pa Facebook, n'kunyamuka. Chimene chimatsala pamudzipo ndi mabotolo opanda kanthu. Pamtunda wa mayadi khumi pali tirumu imene ketulo yake yakhala ikuwira kuyambira m'mawa.

Anthu khumi akalowa m'tirumu imodzi, aliyense n'kumwa kapu ndi kudya zigumu ziwiri, mwina ndiwo malonda a tsiku lonse a mayi ameneyo. Sindikupempha chifundo kapena chithandizo. Ndikunena za malonda wamba: inu muli ndi njala, iye ali ndi chakudya choyenera njala imeneyo kuposa cha m'paketi chija.

Ndikudziwa chimene ambiri amaopa, ndipo mantha ake si opanda pake. Kolera ya 2022 ndi 2023 inatiphunzitsa tonse kusamala ndi chakudya cha panjira. Koma ganizani bwino. Pa zonse zimene mungaike m'kamwa pamsika wa kumudzi, tiyi wowira pamoto ndi chigumu chophikidwa m'mawa womwewo ndi zina mwa zodalirika kwambiri. Choopsa ndi madzi osadziwika kumene atungidwa, ndi manja osasamba. Ine ndikalowa ndimayang'ana zinthu zochepa: kodi pali sopo, kodi madzi osamba m'manja akuthirirani ndi jagi kapena nonse mukuviika m'beseni limodzi, kodi kabati n'njotseka kuti ntchentche zisalowe. Zikasowa ndimapempha sopo mwaulemu. Mwini malo amene wafunsidwa sopo ndi makasitomala atatu, sabata yotsatira mudzampeza ataugula.

Tinaphunziranso kuimbiratu foni. Amayi ambiri a m'matirumu ali ndi foni, kapena mwana wawo ali nayo. Lachisanu madzulo timangonena kuti mawa tifika anthu asanu cha m'ma 9, ndipo timapeza chigumu chikadali chofunda, chokwanira tonse, osati kumaliza cha anthu a makala amene akubwera pambuyo pathu. Nyamulani ndalama zing'onozing'ono, chifukwa K5,000 m'mawa kumudzi imayendetsa mwana msika wonse kufuna chenje. Ndipo chonde, munthu amene wakwera njinga ya mtengo wa ng'ombe asanenerere mtengo wa chitumbuwa.

Kwa ofuna kuyesa, Dedza ili ndi njira zokwanira chaka chonse. Kuchokera ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85, koma sindilimbikitsa aliyense kupalasa mtunda wautali pa M1. Malo ambiri m'mphepete mwa tala munadyeka, ndipo mathiraki ndi maminibasi akamapishana, wanjinga ndi amene amakankhidwira kuthengo. Ife timaudutsa msewuwu m'mamawa ndi kuusiya msanga. Kufumbi kuli mtendere. Chakumpoto kwa boma kuli nkhalango ya Chongoni, kumene kuli mapanga a zojambula zakale amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Malo ake onse ndi 127, koma ofikika mosavuta ndi monga Chencherere ndi Mphunzi. Zojambula zofiira ndi za Akafula, zoyera ndi za makolo athu Achewa, zokhudza chinamwali ndi gule. Njinga mumaisiya m'munsi, n'kukwera wapansi. Amalawi ambiri amene anaphunzira za Chongoni kusukulu sanapondeko, pamene alendo amawoloka nyanja kudzaona.

Chakummwera kuli Bembeke ndi minda yake ya kachewere yokwera m'mapiri, ndipo mukapitirira mufika pa Lizulu, pamene msewu ndiwo malire: mbali iyi Malawi, mbali iyo Mozambique, kabichi ndi tomato mbali zonse. Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka August, mvula itatha, matope atauma, fumbi lisanachuluke. Nthawi ya dzinja dothi lofiira lija limamatirira pakati pa tayala ndi madigadi mpaka njinga kukana kuyenda, ndipo mumathera ulendo mukuitokosa ndi kamtengo.

Ulendo umene timauopa ndi kuukonda nthawi imodzi ndi wa Khwekhwerere, msewu wochoka pa Masasa kutsikira ku Golomoti. Umakhotakhota m'mbali mwa phiri ngati njoka, ndipo kukakhala kopanda nkhungu nyanja imaonekera patali. Musanauyambe onetsani mabuleki kwa wokonza njinga, ndipo potsika musawagwire osalekeza, chifukwa limu ikatentha kwambiri chubu chimatha kuphulika. Imani pamakona angapo kuti izizire. Mukafika pansi mudzapeza dziko lina: juzi yomwe munavala ku Dedza imasanduka katundu, milambe yayamba kuoneka, ndipo pakhosi pamafuna thobwa kuposa tiyi. Kuchokera pa Golomoti, Mua sali patali, kumene ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni mu 1902, ndi kumene kuli malo a zachikhalidwe a KuNgoni.

Kubwerera ndi nkhani ina. Chikweza chimenecho chimafuna maola, ndipo pakati pake malo ogula chakudya ndi osowa. Ife timagula zigumu ziwiriziwiri pa Golomoti, kuzikulunga m'pepala n'kuziika m'thumba la malaya, ndi kudzaza mabotolo onse pamjigo. Timanyamuka isanakwane 6 koloko m'mawa, dzuwa la kuchigwa lisanadzuke. Panjira mumakumana ndi anyamata akukankha njinga zodzaza katundu kukwera phiri lomwelo, opanda giya ndi imodzi yomwe, ataphatika phewa pachishalo. Mukawapitirira apatseni moni, ndipo mukakumananso nawo pamwamba, kapu yoyamba ikhale yawo.